Kodi zithunzi za phiri zingamudyetse munthu?

Wa pa Chitakale:
Akuluakulu ndi anzanga nonse pa gulu pano, mwaswera bwanji? Ine ndakhala phee miyezi yambiri, ndimangoona zithunzi zanu n'kumaphunzirapo, koma lero ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Ndimagulitsa mu shopu ya hadiweya, chaka chino n'chachinayi. Chaka chatha ndinagula kamera yakale ya Canon kwa munthu wina ku Limbe, ya lenzi imodzi ija ya 18-55. Chigulireni, sabata siitha ndisanadzuke ndi mdima, kupalasa njinga mpaka m'minda ya tiyi kukadikira kuti kuche. Kujambula anthu sikundikoka. Chimene chimandigwira mtima ndi phiri lathu la Mulanje: nkhungu ikamatsetsereka pa matanthwe, mizere ya tiyi mame asanaume, madzi akamatsika m'miyala ngati ulusi woyera mvula ikangokata. Mtima ukundiuza kuti ndisiye ntchito ndizichita zomwezi basi. Mayi anga akuti mutu wanga sukuyenda bwino. Ndiye ndifunse, alipo pano amene akudya ndi zithunzi za malo zokhazokha? Mundiuze chilungamo, musandinyengerere.

Mkulu wa situdiyo ku Limbe:
Mphwanga, wapempha chilungamo, ndiye nachi. Ine ndinayamba nthawi ya filimu, ya zithunzi 36 ija, umajambula n'kukatsukitsa, kudikira masiku osadziwa chimene chituluke. Kwathu ndi ku Thekerani, ndipo phiri la Mulanje ndinalikonda ndili mnyamata ngati iweyo. Ndili ndi mabokosi a zithunzi zake. Koma ana anga onse aphunzira ndi ndalama za maukwati, zinkhoswe, zithunzi za pasipoti ndi kuvundukula ziliza. Munthu wa kuno amalipira chithunzi chimene iyeyo alimo. Ukamuonetsa Sapitwa, nsonga yaitali ya phirili, amayamikira ndithu, kenako n'kukupempha kuti umutumizire pa WhatsApp. Usasiye ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wa ku Joni, kwathu ku Goliati:
Pepani bambo, apa nditsutsako. Mnyamatayu akapitiriza kuwerenga misomali masana onse n'kumajambula kwa ola limodzi m'mawa, afika liti? Mapanga awiri avumbwitsa. Kuno ku Johannesburg ndimaona zithunzi za mapiri a Drakensberg zili m'mafelemu m'mashopu, anthu akugula. Mulanje wathu achepera pati? Achimwene, ngati mtima wanena, tsatani mtimawo mukadali opanda banja.

Mkulu wa situdiyo ku Limbe:
Kumeneko kuli ogula. Funso langa ndi lakuti kuno agula ndani, ndipo mwezi umene sanagule adya chiyani?

Mayi wa ku Bvumbwe:
Ndiloleni ndiyankhe funso la bambowa, chifukwa ine ndi mmodzi wa amene amagulitsa zithunzi za malo. Ogula alipo, koma sabwera okha, ndipo sagula mwezi ndi mwezi. Amene anandigulapo ine ndi awa: eni malo ogona alendo ofuna mafelemu a m'zipinda ndi zithunzi zotsatsira malo awo, makampani akamakonza makalendala, mabungwe a zachilengedwe akamalemba malipoti, ndi Amalawi okhala kunja amene akufuna phiri la kwawo pakhoma. Gulu lomalizali musalipeputse. Mayi wina wa ku UK anandilembera kuti akufuna msewu wa ku Thyolo, minda ya tiyi mbali zonse, chifukwa ndi mmene ankadutsa popita kusukulu. Sanakambe n'komwe za kutsitsa mtengo.

Za makalendala, mukapita mu December mwachedwa kale. Amakhala atasankha zithunzi mwina mu August kapena September. Ine ndimayenda ndi zithunzi khumi ndi ziwiri zotsukitsa pa pepala labwino la A3, zili mu foda. Munthu akagwira chithunzi m'manja amachiona mosiyana ndi cha pa foni.

Koma achimwene, ndisakubisireni. Loweruka lambiri ine ndimakhala ku ukwati. Ukwati umodzi umandilipirira maulendo awiri kapena atatu a kuphiri. Poyamba ndinkachita nazo manyazi, ndinkaona ngati ndasiya luso langa. Pano ndinazindikira kuti akwati ambiri akufuna kujambulidwa m'minda ya tiyi, phiri lili kumbuyo, ndipo amandisankha ine chifukwa ndimadziwa poima ndi nthawi yake. Ndiye phiri lija likundidyetsabe, kungoti likudzera mwa akwati.

Wa pa Chitakale:
Zikomo mayi. Koma ine anthu ndimawaopa, mwambo wa ukwati ukalakwika subwerezedwa.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Yambani ndi kunyamulira chikwama munthu wodziwa. Maukwati asanu mukhala mutazolowera. Mukafuna mudzanditsatire ine.

Gaidi wa ku Likhubula:
Achimwene a pa Chitakale, kodi pamwamba munakwerapo? Chifukwa zithunzi zanu zonse zimene munaika pano ndi za pansi.

Wa pa Chitakale:
Ndinafikako pa Dziwe la Nkhalamba basi, ndili ku sekondale. Pamwamba sindinakwerepo.

Gaidi wa ku Likhubula:
Ndiye yambani pamenepo musanakambe zosiya ntchito. Ine ndaperekeza azungu ambiri a makamera aakulu. Amabwera ndi masiku atatu okha. Akapeza chiperoni chatsekereza, amabwerera kwawo opanda kanthu, ndalama zonse za ndege zapita. Inuyo phiri lili pakhomo, mukhoza kudikira sabata, mwezi, chaka. Chimenecho mzungu sangachigule.

Ndikuuzeni zimene ndaona. Ulendo woyamba musathamangire Sapitwa. Kwerani njira ya Skyline kuchokera kuno ku Likhubula, maola atatu kapena anayi muli pa Chambe, mukagone mu hati, kanyumba kogonamo okwera phiri. Potsika mudzere ya Chapaluka, imatsata mtsinje mpaka pa mathithi. Sapitwa ndi mamita 3,002, pamwamba kuposa paliponse m'Malawi muno, ndipo amakwera kuchokera pa hati ya Chisepo. Amene akufuna dzuwa liwatulukire ali pamwamba amanyamuka usiku ndi matochi, kukwawa m'miyala, pena kulowa pansi pa matanthwe chikwama chili m'manja. Mukafika kuli bwino, mitambo yonse imakhala pansi panu ngati thonje loyanika, nsonga zina zikungotulukira. Koma nyengo imasintha musanamalize kumanga nsapato. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anakwera yekha, atasiya womuperekeza, ndipo anafera komweko. Musadzapite nokha, ngakhale ndinu mwana wa kuno. Ndipo akulu athu amati kumeneko n'kwa mizimu, sitipangako phokoso kapena kutukwana. Ine ndimasunga zimenezo.

Mu June ndi July pamwamba pamagwa chisanu, udzu umacha uli mbuu. Batire ya kamera imatha msanga ikazizidwa. Muziigoneka m'thumba la malaya a mkati, kapena mu sokosi pafupi ndi thupi. Musadalire kuti mukatchaja kumeneko. Ndipo mukachoka panja pozizira musalowe ndi kamera pafupi ndi moto nthawi yomweyo, lenzi imachita thukuta mkati. Isiyeni m'chikwama chotseka ifunde pang'onopang'ono.

Mphunzitsi wa ku Luchenza:
Ndionjezereko za dzuwa, poti ndimaphunzitsa jogalafe. Achimwene, mwezi wa July munadandaula pano kuti phiri likutuluka lakuda bii pomwe kumwamba kukuyera mbee. Vuto si kamera. Boma ndi Chitakale zili chakummwera kwa phiri. Nthawi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mbali imene inu mukuiona ili mu mthunzi, ndipo mukujambula moyang'anana ndi kuwala. Mu December dzuwa limapendekera pang'ono kummwera, matanthwe omwewo amawala bwino. Khoma lalikulu la Chambe lija linayang'ana kumadzulo, choncho nthawi yake ndi madzulo, mutaima cha mu msewu wa ku Phalombe. Kwa ife a mbali ya Thyolo phiri lili kummawa. M'mawa timapeza mthunzi wake wokha, dzuwa likutulukira kuseri, koma madzulo limaoneka lonse.

Musaiwalenso kuti kuno kumada msanga. Mu June dzuwa limalowa ikangopitirira 5 koloko, inu mukadali mu shopu.

Mkulu wa situdiyo ku Limbe:
Aphunzitsi anena zoona. Ndipo September ndi October ndi miyezi ya utsi. Anthu akutentha tchire, akusaka mbewa, fumbi lili paliponse, phiri limangooneka ngati lili kuseri kwa nsalu. Masiku amenewo jambula zapafupi, kapena dzuwa lofiira likamalowa. Kumwamba kumayera mvula yoyamba ikatsuka mpweya, kenako mu April ndi May, tiyi ali wobiriwira, mitsinje ikadali ndi madzi.

Poti sukumva zoti ulisiye phiri, ndikupatse zimene ndikudziwa. Lenzi yako ya 18-55 ndi yokwana. Bowo la lenzi ika pa f/8 kapena f/11, ISO (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 100, ujambule mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona. Ndalama yoyamba imene upeze usagulire lenzi ina, ugule tripod yolimba, ya miyendo itatu yoimikapo kamera ija, chifukwa kuwala kwabwino kumakhala kochepa ndipo dzanja limanjenjemera. Yachiwiri ugule polarizer. Tsamba la tiyi limanyezimira ngati lapakidwa mafuta, kagalasi kameneko kamachotsa kunyezimirako, kubiriwira kwenikweni kumatuluka. Pa mathithi, ukafuna madzi aoneke osalala, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, ikhale yotseguka theka la sekondi kapena sekondi imodzi, ndipo upite kuli mitambo. Dzuwa likawomba pa madzi chithunzi chimapsa.

Mdani wamkulu ku Mulanje ndi chinyezi. Lenzi yanga yabwino kwambiri inamera nkhungu mkati, tiulusi ngati ta kangaude, nditaisiya m'chikwama cha nsalu dzinja lonse. Sinachirenso. Sunga kamera mu kontena yotseka bwino, uikemo timapaketi ta silica timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chida chikawonongeka kugula china ndi nkhani ina.

Wa ku Joni, kwathu ku Goliati:
Tripod ndili nayo ina ikungokhala. Ndipatsira wa basi mwezi ukatha, mukalandire ku Blantyre. Koma ine maganizo anga sanasinthe.

Mwana wa mayi wothyola tiyi:
Ine sindine wojambula, ndinalowa pa gulu pano chifukwa ndimakonda kuona kwathu. Koma pali chinthu chimandipweteka, ndipo poti mukuphunzitsa mnyamatayu ndinene. Mayi anga athyola tiyi zaka zambiri. Amadzuka 4 koloko, amalowa m'munda mame ali thoo, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno. Manja awo ndi ong'ambikang'ambika. Tsiku lina mnzanga ananditumizira chithunzi cha pa Facebook, ndi mayi anga ali chiweramire, phiri kumbuyo, anthu akulemba kuti Malawi ndi wokongola. Mayi sankadziwa n'komwe kuti anajambulidwa. Nditawaonetsa anangoti, akanandiuza ndikanamanga bwino duku. Mawu amenewo sandichoka. Inu mumati mukujambula malo, koma m'malomo muli anthu, ndipo ndi amene amachititsa kuti mizere ija ioneke yosalala choncho.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Achemwali, mwanena zoona, ndipo pepani. Inenso poyamba ndinkajambulira patali osapempha. Pano ndimayamba kwa kapitawo, kenako ndimalonjera amayiwo, kuwauza chimene ndikufuna ndi kumene chithunzi chipite. Wokana ndimamusiya. Wovomera ndimamutsukitsira chake n'kukamupatsa. Chithunzi chikakhala chotsatsira malonda, munthu wooneka nkhope ayenera kuvomera polemba, ndipo alandireko kanthu. Komanso minda ya tiyi ili ndi eni ake, achimwene a pa Chitakale. Musamangolowa. Pitani ku ofesi mukapemphe, mukanene kuti ndinu ndani. Ena monga Satemwa kuno ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, amalandira kale alendo odzaona malo, ndiye njira yopemphera ilipo.

Wa pa Chitakale:
Achemwali, mwandichititsa kuganiza. Ndili ndi zithunzi zitatu zotero mu foni, ndinajambula amayi ali patali. Sindiziikanso paliponse ndisanawapeze. Munda wake ndikuudziwa.

Mwana wa mayi wothyola tiyi:
Mukatero mwachita bwino, achimwene.

Mnyamata wa ku MUST:
Nanga bwanji osangogula drone? Zithunzi za m'mwamba ndi zimene zikuyenda pano.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Drone ili ndi malamulo ake, pamafunika chilolezo cha akuluakulu oona za ndege, ndipo mphepo ya paphiri si yocheza. Munthu amene sanadziwe kumene dzuwa limatulukira mu June, drone simuthandiza. Ayambe ndi miyendo.

Koma ndikuchenjezeni china chimene chinandigwera ine. Ndinatumizira malo ena ogona alendo zithunzi zisanu kuti angoona. Anati aganiza kaye. Patapita miyezi ndinapeza chimodzi chili pa chikwangwani chawo, dzina langa atalidula. Nditafunsa anandiuza kuti phiri n'la Mulungu, palibe mwini. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa chithunzicho ndinachidikira m'mawa anayi. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza zithunzi, ndipo COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ilipo, koma kuthamangitsa nkhani kumadya nthawi ndi thiransipoti. Ndiye potumiza zoonetsa muzitumiza zazing'ono, dzina lanu lili pakati. RAW isachoke m'manja mwanu, ndi umboni wanu. Pogulitsa mulembe kuti chithunzi chigwira ntchito yanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Cha pakhoma la chipinda ndi cha pa kalendala ya dziko lonse mtengo wake sungafanane. Akalipira theka pa Airtel Money kapena Mpamba ndi pamene muyambe kutsukitsa. Chachikulu mukatumiza pa WhatsApp muzitumiza ngati document, apo ayi chimafika chitaphwanyika.

Wa zankhalango, mbali ya Phalombe:
Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Za ndalama ena anena. Ine ndikufuna ndikupempheni kanthu, achimwene, ndi nonse ojambula. Musamajambule zokongola zokha.

Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, kwawo ndi pano pokha, sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ndili mwana, ukakwera pamwamba fungo lake limakulonjera usanauone. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha yamoyo. Ina yonse inatha ndi macheka ndi moto. Pano a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akubzala mbande, koma mtengo umenewu sukula msanga, ndipo moto umodzi umapsereza ntchito ya zaka. Ana asukulu akandifunsa kuti nkhalangoyo inkaoneka bwanji, ndimasowa chowaonetsa. Zithunzi zakale zimene ndinaonapo zambiri anajambula ndi alendo, ndipo anapita nazo kwawo.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, phiri linatsala ndi mabala, mizere yofiira kuchokera pamwamba mpaka m'midzi. Agogo anga ankakamba za Napolo wa mu 1991 kuno ku Phalombe, koma chithunzi cha mmene mtsinje wa kwathu unalili madzi asanabwere tilibe. Munthu wokhala pano akasankha malo asanu, n'kumaima pamwala womwewo mwezi womwewo chaka chilichonse, pakatha zaka khumi adzakhala ndi chinthu chimene wina aliyense alibe. Mujambule zitsa, mauvuni a makala, malo opsa, ndi mbande zimene zaphuka.

Mphunzitsi wa ku Luchenza:
Phiri la Thyolo nalo bwanji? Amene tinaliona lili ndi nkhalango tikutha. Pano ndi minda mpaka pamwamba. Ndikanakhala ndi zithunzi ziwiri, chakale ndi cha lero, phunziro langa la kukokoloka kwa nthaka likanatha mu mphindi zisanu.

Mkulu wa situdiyo ku Limbe:
Aphunzitsi, m'mabokosi anga aja muyenera kuti muli phiri la Thyolo la nthawi imeneyo. Ndinkalijambula popita kumudzi. Sindinaganizepo kuti wina angazifune. Ndifufuza manegetivi Lamulungu.

Wa zankhalango, mbali ya Phalombe:
Bambo, mukawapeza musawataye ndithu. Ndipo poti mu July 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, kutsatira Lake Malawi National Park ndi Chongoni, ofuna zithunzi za kuno achuluka. Ine ndikufuna zikamafunika zizichokera kwa ana a kuno.

Wa ku Joni, kwathu ku Goliati:
Mwaona? Ndi zimene ndikunena ine. Msika ukubwera, mnyamatayu akhale wokonzeka.

Mkulu wa situdiyo ku Limbe:
Akonzeke, inde. Koma akonzekere ali ndi malipiro. Mphwanga, ndikupatse muyeso. Tsegula kope. Ulembe ndalama iliyonse imene kamera yabweretsa ndi iliyonse imene yadya, ya basi, ya gaidi, yotsukitsira, ya bandulo. Miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, kuphatikizapo January ndi February pamene maukwati amachepa, kamera ikamabweretsa zofanana ndi za ku shopu, ubwere undiuze, ine ndemwe ndidzakuuze kuti siya.

Mnyamata wa ku MUST:
Funso lina, nanga kukonza zithunzi pa pulogalamu ya Lightroom kuli ndi malire? Ndimaona ena tiyi akubiriwira ngati penti.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Ine ndimakonza kuwala ndi mithunzi kuti chifanane ndi chimene maso anga anaona. Kubweretsa mitambo ya kwina kapena kufufuta zitsa sindichita. Munthu wa ku Mulanje amalidziwa phiri lake, mukamunamiza amaona.

Wa pa Chitakale:
Ndawerenga kawiri zonse. Sindibisa, ndimafuna mundiuze kuti siya mawa, ndipo mtima ukuwawabe pang'ono. Koma ndaona kuti ndimafuna kudya ndi phiri limene sindinalikwere. Ntchito sindisiya pano. Ndikapempha abwana kuti azindipatsa Loweruka limodzi pamwezi, ine ndizilowa m'malo mwa mnzanga masiku ena. Kope ndigula mawa. Mayi a ku Bvumbwe, chikwama chija ndidzanyamula, mundiuze ukwati wotsatira. Bambo a zankhalango, malo anga oyamba akhala pa mlatho wa Likhubula, kuyang'ana kumtunda. Achimwene a ku Joni, tripod ndiilandira ndi manja awiri.

Gaidi wa ku Likhubula:
Mu July kumakhala mpikisano wa Porters Race, othamanga amakwera Skyline, kudutsa pa Chambe ndi Lichenya n'kutsikiranso kuno. Mukakwera dzulo lake n'kukawadikira pamwamba, mupeza anthu ndi phiri mu chithunzi chimodzi, ndipo othamanga amafuna zithunzi zawo. Koma tisadikire July. Loweruka lachiwiri mwezi wamawa ndilibe alendo. Mufike pa ofesi ya zankhalango 6 koloko m'mawa, tikalembetse, tikwere kusanatenthe.

Wa pa Chitakale:
Nditenge chiyani?

Gaidi wa ku Likhubula:
Juzi ziwiri, bulangete, tochi, ufa ndi ndiwo za masiku awiri, shuga ndi masamba a tiyi. Nsapato zikhale zoti munayendapo kale, zatsopano zimatupitsa. Kamera muikulunge mu jumbo musanaiike m'chikwama. Ndipo mayi anu muwauze kuti mukupita ndi ine, muwapatse nambala yanga, ndikutumizirani ku inbox.